Kabuku kolembamo za mabuku: kopangidwa mwaluso, koma koperewera pa mndandanda wa mabuku oti muwerenge

Munthu wokonda kuwerenga amamva za mabuku ambiri kuposa amene angathe kuwamaliza m'moyo wake, ndipo makampani opanga makope anaona kale kuti pamenepa pali msika. Masiku ano akugulitsa timabuku tapadera tolembamo za mabuku, timene timabwera titajambulidwa kale mizere, madanga ndi timabokosi tochongamo. Gawo lina limakhala la mabuku amene mukufuna kudzawerenga, lina la amene mwawerenga kale, ndipo chakumapeto kumakhala masamba owerengetsera kuchuluka kwa mabuku amene mwamaliza pa chaka. Kamene ndikuunika pano ndi ka chikuto cholimba, ka msinkhu wa A5, kutanthauza mamilimita 148 m'lifupi ndi mamilimita 210 m'litali, ndipo ndakhala ndikukagwiritsa ntchito kwa nthawi yokwanira kuti ndione pamene kamathandiza ndi pamene kamamusiya munthu m'malere. Makampani ambiri amasanja masamba a timabuku totere mofanana kwambiri, choncho zimene ndinene pano zikuthandizani ngakhale kamene mwakaona inu kali ka kampani ina.

Maganizo anga ndiwaneneretu. Kabukuka n'kolimba ndipo kamakhalitsa, komanso gawo lake la mabuku owerengedwa kale linakonzedwa ndi munthu amene amadziwa mmene owerenga amagwirira ntchito. Koma gawo la mabuku oti muwerenge, lomwe ndi chifukwa chachikulu chimene anthu ambiri amagulira kabuku kotere, ndi lofooka kuposa magawo ena onse, ndipo silingathandize mokwanira pokhapokha mwini wake atalikonzanso ndi dzanja lake.

Pa kapangidwe palibe zambiri zodandaula. Masamba ake ndi osokedwa ndi ulusi, osati ongomatidwa ndi guluu, moti mukakatsegula patebulo kamatambasuka bwinobwino osadzitseka kokha, ndipo mukhoza kulemba mpaka pafupi ndi msoko wapakati popanda kukapanikiza ndi dzanja linalo. Pepala lake ndi la magalamu 120 pa sikweya mita, pamene pepala wamba losindikizira la mu ofesi nthawi zambiri limakhala la magalamu 80, ndipo kusiyanako kumaonekera mukatembenuza tsamba. Inki ya cholembera wamba sioneka n'komwe kuseri, ya cholembera cha inki yamadzimadzi imangosiya kachithunzithunzi kosasokoneza kuwerenga, ndipo ndi cholembera chachikulu chopakira mitundu chokha chimene chimalowerera mpaka kuseri mukachedwetsa dzanja pamalo amodzi. Muli timaliboni tiwiri ta mitundu yosiyana toikira chizindikiro, mkati mwa chikuto chakumbuyo muli kathumba kosungiramo timapepala, ndipo tsamba lililonse lili ndi nambala yosindikiziratu. Nambala za masambazi zimaoneka ngati kanthu kakang'ono, koma zambiri zimene mwini kabukuka angakonze payekha zimadalira nambala zimenezi.

Gawo la mabuku oti muwerenge lili kumayambiriro, ndipo tsamba lililonse lagawidwa madanga anayi: nambala, mutu wa buku, dzina la mlembi, ndi kabokosi kochongamo mukamaliza kuwerenga. Poliona koyamba limasangalatsa chifukwa ndi laudongo, koma mukangoyamba kulembamo mumazindikira kuti mizere yake ndi yothithikana ndipo danga la mutu ndi lopapatiza. Mutu wa mawu awiri kapena atatu umakwana. Koma mabuku ambiri a mbiri yakale, a sayansi kapena a zachuma amakhala ndi mutu waufupi wokopa, kenako mutu wachiwiri wautali umene umatchula nkhani yeniyeni ya bukulo, ndipo wachiwiriwo ndi umene umasowa malo. Mumatsala ndi mawu awiri okopa aja, amene pakapita miyezi sakuuzani chilichonse.

Kuchepa kwa malo munthu angakupirire. Chimene chimaononga gawoli kwenikweni n'chakuti mulibe danga lolembamo chifukwa chimene mwaikira bukulo pamndandanda, amene anakuuzani za bukulo kapena kumene munalimva, ndiponso tsiku limene munalilemba. Pa nthawi imene munthu akulemba mutu wa buku, chidwi chimakhala chikadali chotentha ndipo amaganiza kuti sangaiwale. Mwina wangomva mlembi wake akufunsidwa mafunso pa wailesi, mwina waliona likutchulidwa m'mawu a m'munsi mwa tsamba la buku lina limene linamugwira mtima, kapena mnzake amene amamukhulupirira pa nkhani ya mabuku wamuuza kuti chaputala chachitatu cha bukulo chikuyankha funso limene akhala akukambirana. Zifukwa zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo ndi zimene munthu amafunikira posankha buku lotsatira. Koma miyezi ikapita, mukatsegula kabukuka madzulo mutangomaliza buku lina, mumapeza mitu yonse itafola mofanana, inki yofanana, timabokosi tofanana, popanda mutu ngakhale umodzi umene ukukuitanani kuposa unzake. Munthu amayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba, kenako amatseka kabukuko n'kutenga buku limene lamuyandikira kapena limene anthu akulikamba sabata imeneyo. Zikafika pamenepo ndiye kuti mndandandawo walephera ntchito imene unalembedwera.

Njira imene ndaiona yothandiza ndi kupatsa buku lililonse mizere iwiri. Pa mzere woyamba ndimalemba mutu ndi mlembi monga anakonzera osindikiza, ndipo pa wachiwiri ndimanyalanyaza madanga aja n'kulembapo mwezi ndi chaka, kumene ndinalimva bukulo, ndi chifukwa chake m'mawu osapitirira 10. Chifukwacho chiyenera kukhala chogwirika. Kulemba kuti "akuti ndi labwino" n'chimodzimodzi kusalemba kanthu, pamene mawu akuti "likufotokoza mmene mabanki amabwereketsera ndalama, mosavuta kumva" kapena "ndakatulo zazifupi, zowerenga mokweza" amakubwezerani chidwi chija ngakhale patapita chaka chathunthu. Kuchita zimenezi kumadula malo a mndandanda ndi theka ndipo nambala zosindikiziratu zimayamba kudumphadumpha, koma zotayikazo n'zochepa poyerekeza ndi phindu lake. Chodandaulitsa n'chakuti wogula akukonza yekha chinthu chimene analipira kuti chibwere chokonzeka.

Danga linanso losowa ndi losonyeza kumene bukulo mungalipeze. Buku limene muli nalo kale pashelefu, limene mungakabwereke ku laibulale, limene mnzanu walonjeza kukubwerekani, ndi limene muyenera kugula, onsewa ali pa mtunda wosiyana ndi manja anu, ndipo mndandanda umene sukusonyeza zimenezi umachititsa munthu kupitiriza kugula mabuku atsopano pamene ena akuchita fumbi m'nyumba osatsegulidwa. Chilembo chimodzi cholembedwa m'mphepete mwa tsamba chimakwanira, ndipo mphepete mwa kabukuka, ngakhale ndi mopapatiza, mumalola chilembo chimodzi. Pa mabuku omasuliridwa kuchokera ku chilankhulo china pamafunikanso dzina la womasulira, chifukwa buku limodzi lakale likhoza kukhala ndi omasulira angapo, ndipo kusiyana kwa ntchito zawo kumafika poti wowerenga wina amalimaliza mosangalala pamene wina amalisiya panjira. Ngati mukufuna buku losindikizidwa m'chaka chinachake kapena ndi kampani inayake, nambala ya ISBN, yomwe ndi nambala yapadera yozindikirira buku losindikizidwa, ndi imene imathetsa chisokonezo. Kuyambira mu 2007 nambalayi imakhala ndi manambala 13, pamene kale inali ndi 10, ndipo buku lomwelo likakhala la chikuto cholimba, la chikuto chofewa kapena la pakompyuta limapatsidwa nambala zosiyana. Palibe chifukwa chokopera ISBN ya buku lililonse, koma pa mabuku ochepa amene mukufuna kuitanitsa kapena kufunsa kwa wogulitsa, mzere wachiwiri uja umasunga nambalayo bwino.

Kenako pali nkhani ya kasanjidwe, imene imavuta kabuku kalikonse ka mapepala chifukwa pepala silisuntha zimene mwalembapo. Mabuku amalowa pamndandanda motsatira tsiku limene mwawamva, koma palibe amene amawerenga motsatira dongosolo limenelo. Nambala zosindikiziratu zija zimapereka maganizo olakwika akuti buku la nambala 1 ndilo liyenera kuyamba, chonsecho linangokhala loyamba kulembedwa. Ena amayesa kuthetsa vutoli pogawiratu masamba malinga ndi mitundu ya mabuku, tsamba ili la nkhani zopeka, ilo la ndakatulo, linalo la mbiri ya anthu, lina la sayansi. Njirayi imaoneka yanzeru tsiku loyamba, koma masamba sadzaza mofanana. La nkhani zopeka limadzaza msanga n'kuyamba kusefukira m'masamba a eni ake, pamene lina limakhala ndi mizere iwiri yokha mpaka kabuku katha, ndipo pamakhala mabuku ambiri amene amakwana m'magulu awiri nthawi imodzi. Ena amafika mpaka potengera dongosolo la m'malaibulale limene Melvil Dewey anafalitsa mu 1876, lomwe limagawa maphunziro onse m'magulu akuluakulu 10 kuyambira pa 000 mpaka pa 900. Dongosolo limenelo linapangidwa kuti buku lizipezeka pakati pa mabuku masauzande ambiri, ndipo kwa munthu wokonda nkhani zopeka ndi ndakatulo, pafupifupi mndandanda wake wonse ungagwere m'gulu la 800, zimene sizimuthandiza kusankha.

Yankho la vutoli ndi lakale ndithu. Kwa zaka mazana angapo anthu ophunzira a ku Ulaya ankasunga makope okoperamo mawu ndi mfundo za m'mabuku amene awerenga, ndipo ankakumana ndi vuto lomweli losadziwa kuti nkhani iliyonse aisiyire masamba angati. John Locke, katswiri woganiza mozama wa ku England, anafalitsa njira yake m'Chifalansa mu 1686, ndipo inatuluka m'Chingerezi mu 1706. Iye sankagawiratu masamba. Ankakonza mlozera wa masamba awiri okha, momwe chilembo chilichonse chinali ndi timizere ta mavawelo asanu, ndipo nkhani iliyonse ankailozera potenga chilembo choyamba cha liwu lake ndi vawelo yoyamba yotsatira. Mwa njira imeneyi nkhani ya ndakatulo ingalozedwe pa N ndi a, ndipo ya mbiri ingalozedwe pa M ndi i. Nkhani yatsopano ikasowa malo ankaiyambira pa masamba otsatira opanda kanthu, n'kulemba nambala ya tsambalo mu mlozera. Mfundo yake ndi yakuti zinthu zimalembedwa mmene zikubwerera, ndipo ntchito yozisanja imasiyidwira mlozera. Kabuku kamene ndikuunikaka kali ndi mlozera, kalinso ndi masamba a manambala, koma osindikiza anaukonzera mabuku owerengedwa kale okha. Mndandanda wa oti muwerenge ulibe mlozera uliwonse, ngakhale kuti ndi umene munthu amafufuzamo kawirikawiri ali ndi funso m'mutu.

Funsolo nthawi zambiri silikhudza gulu limene buku lili. Munthu amadzifunsa kuti ali ndi nthawi yochuluka bwanji, ngati mutu wake uli wopepuka kapena wotopa, ndiponso buku limene angaliyambe lero lomwe popanda kudikira. Mlozera wothandiza uyenera kuyankha mafunso amenewa. Ine ndinatenga tsamba limodzi mwa masamba opanda kanthu a kumapeto n'kulembapo timitu tochepa: mabuku aafupi, mabuku ofuna nthawi ndi pensulo m'manja, mabuku okhudza ntchito, mabuku owerenga pamodzi ndi ana, ndi mabuku amene ali kale pashelefu. Pansi pa kamutu kalikonse ndimangolemba nambala za mizere imene mabukuwo ali pamndandanda wautali. Buku limodzi likhoza kupezeka pa timitu tiwiri kapena titatu popanda kulikoperanso, zimene sizitheka mukagawa masamba ndi mitundu ya mabuku. Apa ndi pamene nambala zosindikiziratu zija zimapeza ntchito yoyenera, chifukwa zimasiya kukhala lamulo la buku loti liyambe n'kukhala adiresi ya buku lililonse.

Cholakwika china chachikulu ndi chakuti kabokosi kochongamo ndiko khomo lokhalo lotulukira. Malinga ndi mmene kabukuka kanakonzedwera, buku likalowa pamndandanda lingachokepo pokhapokha mutaliwerenga. Komatu chidwi cha munthu chimasintha. Funso limene linkamusowetsa tulo chaka chatha limayankhidwa ndi buku lina, ntchito imene inkafuna mabuku ena imatha, ndipo mlembi amene ankamusirira amamukhumudwitsa ndi buku loyamba lomwe. Mndandanda umene umangokula osadulidwa umayamba kuoneka ngati kope la ngongole, moti mwini wake amachita mphwayi kuutsegula. Kuchotsa buku pamndandanda ndi mbali ya ntchito yosankha, ndipo kabuku kopangidwira owerenga kanayenera kukhala ndi malo a zimenezi. Popeza malowo mulibe, ine ndimadula kamzere kamodzi kopyapyala ndi pensulo pamwamba pa mutuwo kuti uziwerengekabe, n'kulemba mwezi pambali pake, chifukwa nthawi zina buku lochotsedwa limadzafunikanso.

Pa nkhani imeneyi pali phunziro labwino mu njira yolembera ntchito zoti uchite m'kope yotchedwa Bullet Journal, imene Ryder Carroll anaifalitsa mu 2013. Mwezi ukatha, munthu amawerenganso ntchito zimene sanachite, n'kukopera pa tsamba latsopano zokhazo zimene zikadali zofunika, ndipo zotsalazo amazikhwatcha. Kutopetsa kwa kukopera ndi dzanja ndi kumene kumasefa, pakuti dzanja likachita ulesi kulembanso chinthu, nthawi zambiri mtima unachokapo kale. Pa mabuku, mfundoyi imabala mindandanda iwiri. Wautali umakhala mosungiramo chilichonse chimene chakukopani, ndipo waufupi, wa mabuku osapitirira 5, umalembedwa mwatsopano miyezi ingapo iliyonse kuchokera pa wautaliwo. Posankha buku lotsatira mumayang'ana waufupi wokha, ndipo wautali mumaubwerera pa nthawi yokonza waufupi wina, yomwe ndi nthawi yabwinonso yodula mabuku amene chidwi chawo chinazirala. Kabukuka kalibe masamba a mndandanda waufupi. Masamba a timadontho a kumapeto amagwira ntchitoyi bwino, makamaka mukaikapo kaliboni kamodzi, koma ndi ochepa kwambiri, ndipo mukaphatikiza ndi mlozera uja amatha kabuku kasanafike pakati.

Mulibenso malo a buku limene munaliyamba koma simunalimalize. Kulichonga kungakhale kudzinamiza, ndipo kulisiya losachonga kumalisakaniza ndi mabuku amene simunawatsegulepo. Nancy Pearl, amene anagwira ntchito ya mu laibulale ku Seattle m'dziko la America, amadziwika ndi langizo lakuti munthu awerenge masamba 50 oyambirira asanaganize zosiya buku, ndipo ngati wapitirira zaka 50 achotse zaka zake pa 100, nambala yotsalayo ndiyo ikhale masamba oti awerenge. Kaya munthu atsatira langizoli kapena ayi, kusiya buku panjira ndi chinthu chimene owerenga ambiri amachita, ndipo chimafunika kulembedwa: tsamba limene mwalekezera ndi chifukwa chake. Pali kusiyana pakati pa buku limene linabwera pa nthawi yolakwika, mwina mutatanganidwa kapena mutangomaliza lina lolemera, ndi buku limene silikugwirizana nanu ngakhale pang'ono. Loyambalo liyenera kubwerera pamndandanda wautali, lachiwirilo lichokepo, koma popanda mawu awiri atatu ofotokoza chifukwa, chaka chamawa simudzadziwa kuti linali liti.

Gawo la mabuku owerengedwa kale ndi losiyana kwambiri, ndipo ndi limene limandichititsa kupitiriza kugwiritsa ntchito kabukuka. Buku lililonse lapatsidwa tsamba lathunthu. Pamwamba pali malo a mutu, mlembi, tsiku loyamba ndi lomaliza kuwerenga, kuchuluka kwa masamba, ndi timabokosi tosonyeza ngati bukulo linali losindikizidwa, la pakompyuta kapena lomvetsera. Pansi pake pali nyenyezi zisanu zoti mupake posonyeza mmene bukulo lakusangalatsirani, ndipo ndi bwino kuzipaka ndi pensulo chifukwa maganizo a tsiku lomaliza buku sakhala ofanana ndi a mwezi wotsatira. Kenako pali mizere yambiri yopanda mafunso, zimene ndikuziyamikira, pakuti timabuku tina timadzaza tsamba ndi mafunso onena za munthu wa m'nkhani amene mwamukonda kapena mapeto amene munkayembekezera, mafunso amene alibe tanthauzo pa buku la sayansi kapena la ndakatulo. Bokosi lokoperamo mawu ogwira mtima lili ndi kadanga kakang'ono ka nambala ya tsamba pambali pake, ndipo aliyense amene anayesapo kufufuza chiganizo chimodzi m'buku la masamba 400 akudziwa kufunika kwa kadanga kameneka.

Chabwino koposa zonse chili pansi penipeni pa tsambalo, pamene pali mizere iwiri yolembapo mabuku ena amene buku mwawerengalo lakulozerani. Mabuku ambiri abwino amene munthu amawerenga amawapeza kudzera m'mabuku ena, mlembi akatchula amene anamuphunzitsa, amene akutsutsana naye kapena amene anatengako mfundo. Mutu wolembedwa pa mizere iwiri imeneyi umakhala ndi gwero lake ndi tsiku lake popanda kuwonjezera chilichonse, chifukwa zonsezo zili pamwamba pa tsamba lomwelo. Izi zikusonyeza kuti amene anakonza kabukuka ankadziwa bwino kuti chiyambi cha chidwi n'chofunika kusunga, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti nzeru imeneyi sanaifikitse ku gawo loyamba lija. Pokopera mutu wotere kupita pamndandanda wautali, kungolemba nambala ya tsamba limene wachokera kumakwanira kukhala gwero, ndipo mukadzaliwerenga bukulo, kulemba nambala ya tsamba la ndemanga yake pambali pa kabokosi kochonga kumalumikiza magawo awiriwo.

Masamba otsala ndi osakanikirana. Tsamba lolembapo mabuku amene mwabwereketsa, lokhala ndi dzina la wobwereka ndi tsiku, ndi lothandiza, monganso tsamba lotsatirira mabuku otuluka m'magawo angapo. Koma masamba ambiri anapita ku chithunzi cha shelefu ya mabuku opanda mitu oti muzipaka mitundu mukamaliza buku, ndi ku timabokosi 52 tolimbikitsa kuwerenga buku limodzi sabata iliyonse. Alipo amene zimenezi zimawapatsa mphamvu, makamaka amene akuyesa kubwerera ku chizolowezi chowerenga atachisiya nthawi yaitali, ndipo sindikuwapeputsa. Komabe kuwerengetsera mabuku ndi mitu yokha kumakankhira munthu ku mabuku aafupi ndi opepuka, ndipo buku lalikulu lofuna miyezi iwiri, limene mwina ndilo lofunika kwambiri pamndandanda wonse, limangokankhidwira kutsogolo. Masamba amenewa akanaperekedwa ku mndandanda waufupi ndi mlozera wake, kabukuka kakanakhala kabwino kwambiri.

Wina angafunse chifukwa chovutikira ndi pepala pamene pali mapulogalamu a pa intaneti ogwira ntchito yomweyi. LibraryThing inayamba mu 2005 ndipo mphamvu yake ili pa kulemba mabuku amene munthu ali nawo motengera zolembedwa za m'malaibulale. Goodreads inatsegulidwa mu 2007, Amazon inaigula mu 2013, ndipo ndi imene inazolowetsa anthu ambiri mashelefu atatu a mabuku owerengedwa, amene akuwerengedwa, ndi ofuna kuwerengedwa. The StoryGraph, imene Nadia Odunayo anayambitsa mu 2019, imalola munthu kusefa mndandanda wake malinga ndi kutalika kwa buku, liwiro la nkhani ndi mmene imamvekera mumtima, komanso ili ndi chizindikiro cha buku losamalizidwa. Pa kufufuza, kusanja ndi kusefa, pepala silingapikisane ndi mapulogalamuwa, ndipo foni imakhala m'thumba pa nthawi imene munthu wamva za buku pamene kabuku katsala kunyumba. Koma kuphweka komweko kuli ndi mtengo wake. Pamene kuwonjezera buku kumangofuna kudina kamodzi, mndandanda umatupa mofulumira ndi mitu imene munthu sanaiganizire ngakhale kwa mphindi imodzi. Kulemba ndi dzanja mutu, mlembi ndi chifukwa kumatenga nthawi yokwanira kuti munthu adzifunse ngati akulifunadi bukulo. Kabuku ka mapepala sikaonetsanso nyenyezi za anthu ena pambali pa mutu uliwonse, choncho chisankho chimakhala cha mwini wake, ndipo zimene walembamo zimakhala zake yekha.

Njira ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi. Mutu umene mwaumva muli panjira mungaulembe msanga pafoni, n'kuusiya masiku angapo, ndipo ukhale woti ulowe m'kabuku pokhapokha ngati pa tsiku lokopera mukukumbukirabe chifukwa chake. Ndi bwinonso kujambula masamba a mndandanda ndi foni nthawi ndi nthawi, popeza kabuku kakatayika kapena kunyowa kamapita ndi zonse zimene munalembamo.

Kabukuka ndingakalimbikitse kwa munthu amene cholinga chake chachikulu ndi kusunga mbiri ya zimene wawerenga, ndipo mndandanda wake wa oti awerenge ndi waufupi. Kwa iye pepala labwino, msoko wolimba ndi masamba a ndemanga okonzedwa mwanzeru zidzamukhutiritsa. Kwa amene vuto lake ndi mulu wa mitu imene sakudziwa poyambira, kabukuka kamuthandiza pokhapokha ngati ali wokonzeka kupatsa buku lililonse mizere iwiri, kudzipangira mlozera, ndi kusunga mndandanda waufupi pa masamba ochepa a kumapeto aja. Musanagule kabuku kalikonse ka mtundu umenewu, tsegulani kaye gawo la mabuku oti muwerenge n'kuona ngati mutu wautali ungakwane, ngati pali danga lopanda dzina limene mungaligwiritse ntchito mmene mukufunira, ngati masamba ali ndi manambala, ndiponso kuchuluka kwa masamba opanda kanthu. Mukapeza madanga anayi okha ndi masamba opanda kanthu ochepa, kope wamba la pepala lokhuthala, limene mwalembamo nokha nambala za masamba ndi kulisiyira masamba awiri oyambirira kuti akhale mlozera, lidzasunga mndandanda wanu bwino kuposa kabukuka.